Kachikumbu komaliza khwanya: kodi chithunzi chingaulule dzina lake?

Mvula yobzalira itangogwa mu Disembala wapitayu, azakhali anga amene amalima nyemba kumapiri a ku Ntcheu adatumiza chithunzi pagulu lathu lapabanja la WhatsApp.

Pachithunzipo padali tsamba la nyemba lobookabooka ngati sefa, ndipo chakumphepete kwake kudali kadontho kakuda kosaoneka bwino. Iwo ankafuna kudziwa zinthu ziwiri: kachilomboka n'kachiyani, nanga agule mankhwala anji.

Pasanathe ola, mayankho adali atafika atatu. Msuweni wathu wa ku Lilongwe adati ndi nsabwe za m'masamba. Mlamu wina adanenetsa kuti ndi mbozi zachilendo zija zimagwira chimanga. Wachitatu adalowetsa chithunzicho m'pulogalamu ya pafoni yotchula maina a tizilombo, ndipo idamuuza kuti ndi kachikumbu ka ku America kamene kamadya masamba a mbatatesi.

Atasokonezeka, azakhali adanyamula foni kupita pasitolo ina pamsika. Wogulitsa adangoyang'ana kamodzi n'kuwapatsa paketi ya mankhwala. Ndalama imene adasungira mchere ndi sopo idathera pomwepo. Adapopera, koma masamba adapitirizabe kubooka.

Patatha sabata, alangizi a zaulimi a m'deralo adafika m'mundamo m'mamawa. Adawerama, kutembenuza masamba, n'kugwira tizikumbu tingapo. Adawauza kuti ndi tizikumbu todya masamba a nyemba ta m'gulu lotchedwa Ootheca, ndipo kuti mankhwala adagulawo ndi a matenda a chiwawu, sapha kachilombo.

Nkhani ngati imeneyi si ya banja lathu lokha. Masiku ano foni yojambula ili m'thumba la anthu ambiri, ndipo chithunzi cha kachilombo chimayenda kuchoka kumunda kufika m'tauni mwa kanthawi kochepa. Funso ndi lakuti, kodi chithunzi chimanena zoona mpaka pati?

Banja lalikulu zedi

Pachichewa timangoti chikumbu, kaya kachikumbu kakakhala kakang'ono. Koma akatswiri a tizilombo adawerenga kale mitundu ya zikumbu pafupifupi 400,000 padziko lonse. Mwa imeneyi, mitundu yoposa 35,000 ndi ya m'banja limodzi lotchedwa Chrysomelidae, lomwe ndi banja la tizikumbu todya masamba.

Abale a m'banjali timakumana nawo tsiku ndi tsiku ngakhale sitiwatchula maina. Tizikumbu ting'onoting'ono takuda timene timadumpha ngati utitiri mukagwedeza mpiru kapena repu kudimba ndi ta m'banjali. Kachikumbu kooneka ngati kamba, konyezimira ngati golide, kamene kamaboola kholowa, ndi ka m'banja lomweli. Ngakhale anankafumbwe amene amafumbwitsa nyemba ndi khobwe m'thumba, akatswiri ambiri lero amawaika m'banja limeneli.

Kachikumbu ka mbatatesi kamene pulogalamu ija idatchula kaliponso ndithu. Kali ndi mizere yakuda 10 pamsana, ndipo kadasautsa kwambiri alimi a ku America ndi ku Ulaya. Koma si kamene kadali m'munda wa azakhali. Mapulogalamu otere amaphunzira kuchokera ku zithunzi zimene anthu adatumizapo kale, ndipo zambiri mwa izo n'zochokera ku Ulaya ndi ku America. Akapatsidwa chithunzi chosaoneka bwino cha kachilombo ka kuno, amatha kungotchula kachilombo kakunja kofanana nako.

Mdani wa pamwamba ndi pansi

Ootheca ndi kachikumbu kotalika pafupifupi mamilimita 6, kutanthauza kuti kamaposa pang'ono theka la sentimita. Thupi lake ndi losalala ndi lonyezimira. Kawirikawiri mutu ndi khosi zimakhala zofiirira ngati lalanje, pomwe mapiko amakhala akuda mobiriwira, koma tina timakhala tofiirira thupi lonse. Mukakagwedeza, kamadzigwetsa pansi.

Kamapezeka m'maiko ambiri a mu Africa muno, kuphatikizapo Malawi, Tanzania, Zambia ndi Uganda, ndipo kamakonda nyemba ndi khobwe.

Moyo wake umatsatira mvula. Tizikumbu tatikulu timatuluka m'nthaka mvula yoyamba ikagwa, nthawi yomwe nyemba zikungomera kumene. Timadya masamba anthete n'kusiya mabowo. Tikachuluka, mbewu yaing'onoyo imatsala mitsitsi ya masamba yokha, ndipo ina imafa.

Kenako tatikazi timaikira mazira m'nthaka pafupi ndi tsinde la nyemba. Mazirawo akaswa, timphutsi toyera timadya mizu pamodzi ndi timabulunga ta pamizu tija timathandiza nyemba kupanga chonde. Apa mlimi amangoona nyemba zikuchita chikasu m'zigawozigawo ndi kukhwima msanga, iye n'kumaganiza kuti ndi kuchepa kwa chonde kapena dzuwa.

Timphutsito tikakhuta, timadzimangira kachipinda ka dothi, kusanduka tizikumbu, n'kugona momwemo chilimwe chonse kudikira mvula ina. Ndiye kuti mdani wa chaka chamawa amagona m'munda mwanu momwemo.

Kuwonjezera apo, tizikumbu tina ta gululi timafalitsa matenda a mavairasi a khobwe pamene tikudya kuchoka pa mbewu ina kupita pa inzake.

Kwa mabanja a ku Dedza, Ntcheu, Thyolo, Mzimba, Rumphi ndi Chitipa, kumene nyemba ndi ndiwo komanso ndalama, kutayika kumakhala kuwiri. Khwanya ndi chitambe zimene zimaombola banja m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale zimaonongeka, ndiponso thumba la nyemba lopita nalo pa Lizulu kapena pa Jenda limapepuka.

Pamene chithunzi chimathera

Chithunzi chabwino chikhoza kuuza katswiri kuti kachilombo aka ndi ka m'banja la todya masamba. Nthawi zambiri chimathanso kumufikitsa pa gulu, monga Ootheca. Koma kutchula mtundu weniweni m'gululo ndi nkhani ina.

Mitundu iwiri yotchuka pa nyemba ndi Ootheca bennigseni ndi Ootheca mutabilis. Kwa zaka zambiri anthu ankaisiyanitsa poyang'ana maonekedwe a mapiko. Vuto ndi lakuti tizikumbu ta mtundu umodzi womwewo titha kukhala tina takuda, tina tofiirira, tina tamawangamawanga. Ndipotu mawu akuti mutabilis m'Chilatini amatanthauza chinthu chosinthasintha.

M'chaka cha 2010, akatswiri awiri a ku Germany, Sabine Kortenhaus ndi Thomas Wagner, adatulutsa kafukufuku wounikanso gulu lonse la Ootheca. Adafufuza tizikumbu tambirimbiri tosungidwa m'nyumba zosungira zinthu zakale ndi zachilengedwe, ndipo adaonetsa kuti maonekedwe akunja pawokha amasocheretsa. Chizindikiro chodalirika chili m'kati mwa thupi: kapangidwe ka chiwalo choberekera cha kachikumbu kakamuna.

Kuti aone chiwalocho, katswiri amafewetsa kachikumbu kakufa, kung'amba mimba yake ndi kazipangizo kosongoka, n'kuika chiwalocho pansi pa makina okuzira zinthu. Palibe foni imene ingajambule zimenezi kachikumbu kali patsamba.

Njira ina ndi yoyeza DNA. Mu 2003, katswiri wina wa payunivesite ya Guelph ku Canada, Paul Hebert, ndi anzake adalimbikitsa njira yozindikira mtundu wa chamoyo powerenga kachigawo kakafupi ka DNA. Kamwendo kamodzi ka kachikumbu kamakwanira. Koma nayonso njirayi imafuna kachilombo kenikeni m'manja, osati chithunzi.

Chithunzi chimanamizanso m'njira zina. Kuwala kwa fulashi kumasandutsa mapiko akuda kuoneka obiriwira kapena otuwa. Kachikumbu kongotuluka kumene m'nthaka kamatha kukhala kotumbuluka kusiyana ndi kokhwima. Kachikumbu kagolide ka pakholowa kaja kakafa n'kuuma, golide yense amazimirira, kotero chithunzi cha kamoyo ndi cha kakufa zimaoneka ngati tizilombo tiwiri tosiyana. Komanso popanda choyerekezera, kachilombo ka mamilimita atatu ndi ka mamilimita 12 timaoneka tofanana kukula pafoni.

Dzina limasungidwa kutali

Kodi nanga katswiriyo amadziwa bwanji kuti dzina limene akutchula ndi loona?

Kuyambira mu 1758, pamene Carl Linnaeus wa ku Sweden adakhazikitsa dongosolo lake pa nyama ndi tizilombo, mtundu uliwonse umapatsidwa maina awiri: la gulu ndi la mtunduwo, ngati mmene munthu amakhalira ndi mfunda ndi dzina lakelake. Munthu amene watchula mtundu watsopano amasunga kachilombo kamene wafotokozako, kobayidwa pa singano, ndi kapepala konena kumene kadagwidwa. Kachilombo kameneko ndiko kamakhala mboni ya dzinalo mpaka kalekale.

Ootheca bennigseni adaitchula ndi Julius Weise, katswiri wa tizikumbu wa ku Germany, m'chaka cha 1900. Monga zilili ndi tizilombo tambiri ta mu Africa timene tidatchulidwa m'nthawi ya atsamunda, mboni za maina otere zili m'madirowa a ku Ulaya, m'malo ngati Museum für Naturkunde ku Berlin, Natural History Museum ku London ndi nyumba yosungira za pakati pa Africa ku Tervuren, m'dziko la Belgium.

Apa m'pamene zithunzi zathandiza kwambiri. Kale katswiri wa kuno amayenera kukwera ndege kapena kudikira miyezi kuti atumiziridwe kachilombo m'bokosi. Lero nyumba zambiri zoterezi zikujambula tizilombo tawo n'kuika zithunzizo pa intaneti. Amajambula kachilombo kamodzi kambirimbiri, n'kuphatikiza zithunzizo pakompyuta kuti chilichonse, kuyambira tinyanga mpaka timiyendo, chioneke bwino. Amajambulanso kapepala kake ndi muyeso.

Ngati akatswiri okhala ndi makina amavutika chonchi kuti chithunzi chikhale umboni, ndiye kuti chithunzi chimodzi chojambulidwa mothamanga dzuwa lili paliwombo sichingakwanire.

Mdani kapena bwenzi?

Mwina mungafunse: mlimi wa nyemba ali nazo chiyani zoti ndi bennigseni kapena mutabilis? Zoona, kasamalidwe ka munda pa mitundu iwiriyi n'kofanana. Chimene mlimi sayenera kuphonya ndi banja ndi gulu la kachilomboko, ndipo apa chithunzi chabwino chimathandiza zedi.

Tengani kachikumbu kozungulira ngati theka la nsawawa, kofiira kapena kachikasu, ka madontho kapena mizere yakuda, kamene kamakonda kukhala pamene pali nsabwe za m'masamba. Tambiri ta mtundu umenewu ndi abwenzi a mlimi chifukwa timadya nsabwezo. Tinyanga take n'tatifupi kwambiri, totupa kunsonga, pomwe ta Ootheca n'tatitali ngati ulusi, tofika pafupifupi theka la thupi. Wopopera mankhwala atangoona kachikumbu kofiira akhoza kupha alonda ake omwe.

Koma samalani: m'banja la abwenziwa mulinso ena odya masamba a maungu ndi mbatatesi. Awa amakhala osanyezimira, okhala ndi tiubweya tosalala pamsana, ndipo amapala tsamba n'kusiya ngati ukonde.

Palinso chikumbu chachikulu chakuda chokhala ndi malamba achikasu kapena ofiira, chimene ena amachitchula kuti dzodzwe. Ichi chimadya maluwa a nyemba ndi nandolo, ndipo madzi ake amatulutsa matuza pakhungu. Si cha m'banja la todya masamba, ndipo sichofunika kuchigwira ndi manja.

Dziko lino lidaphunzirapo kale za kuopsa kosazindikira kachilombo msanga. Mbozi zachilendo za chimanga, zochokera ku America, zidaoneka koyamba mu Africa m'chaka cha 2016. Zitafika kuno, alimi ambiri poyamba ankaziyesa kapuchi kapena ntchemberezandonda zimene adazizolowera. Pofika Disembala 2017, boma lidalengeza kuti maboma 20 ali pangozi chifukwa cha mbozizi. Chonsecho mbozi imeneyi ili ndi zizindikiro zimene chithunzi chabwino chimaonetsa: chilembo cha Y chozondoka pamutu ndi madontho anayi akuda chakumchira.

Jambulani chonchi

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati mukufuna kuti chithunzi chanu chithandize alangizi kapena katswiri, musathamange.

Pitani kumunda m'mamawa kukadali kozizira, pamene tizikumbu sititakataka kwambiri. Tcherani mbale kapena dzanja pansi pa tsamba musanalikhudze, chifukwa kachikumbuko kadzigwetsa. Gwirani tosachepera tisanu, popeza kamodzi kakhoza kukhala kosiyana ndi tinzake, n'kutiika m'kabotolo koyera. Ngati muli ndi firiji, kabotoloko kakhalemo mphindi zochepa kuti tizikumbuto tifooke ndi kukhala bata.

Ikani kachikumbuko papepala loyera, pamthunzi powala bwino, osati padzuwa lamphamvu, ndipo zimitsani fulashi. Pambali pake ikani rula ya mwana wasukulu kapena kamtengo ka machesi kuti kukula kwake kudziwike.

Jambulani kanayi: kumsana, chammbali, kumimba ndi kumutu. Onetsetsani kuti tinyanga ndi miyendo zikuoneka. Miyendo yakumbuyo yonenepa imasonyeza kuti ndi kachikumbu kodumpha kaja. Mapazi ake nawo amalankhula: a todya masamba amakhala ndi kachigawo kotambalala ngati kamtima pafupi ndi zikhadabo.

Jambulaninso tsamba lodyedwa, kumwamba ndi kunsi, komanso mbewu yonse ndi chigawo cha munda. Ngati nyemba zachita chikasu, zulani phata limodzi mujambule mizu ndi chilichonse chimene mwapeza m'dothi.

Potumiza, lembani dera, tsiku, mbewu yake, msinkhu wa mbewuyo ndi zimene mudalima pamalopo chaka chatha. Dziwaninso kuti WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chisadye data yambiri, ndipo tinthu tating'ono timafufutika. Ndi bwino kuchitumiza ngati document.

Pomaliza, musataye tizikumbuto. Tisungeni m'kabotolo ka sipiriti, ndipo kapepala ka dera ndi tsiku mukalembe ndi pensulo chifukwa inki imasungunuka. Chithunzi chikalephera, kabotoloko ndiko kadzayankhe.

Kokafunsa

Woyamba kumufikira ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu. Kuyambira mu 2013, unduna wa zaulimi mogwirizana ndi bungwe la CABI udayambitsa m'maboma ena zipatala za mbewu, kumene alangizi ophunzitsidwa amakhala pamsika kapena pamalo ena odziwika n'kumaunika mbewu zodwala zimene alimi abweretsa. Funsani ku ofesi ya zaulimi ngati m'dera lanu muli chotere.

Zikavuta, alangizi amatha kutumiza kachilomboko kumalo a kafukufuku wa zaulimi monga Chitedze ku Lilongwe, Bvumbwe ku Thyolo ndi Lunyangwa ku Mzuzu.

Kwa ana asukulu okonda zachilengedwe, pali iNaturalist, imene idayamba mu 2008. Kumeneko munthu amaika chithunzi, kompyuta imapereka ganizo lake, kenako anthu odziwa amavomereza kapena kutsutsa. Mukaona katswiri wangolemba kuti Ootheca osapitiriza, musamuyese mbuli. Wafika pamene chithunzi chathera, ndipo sakufuna kunama.

Mukadziwa, chitani izi

Kudziwa kuti ndi Ootheca kumasintha zochita, chifukwa tsopano mukudziwa kumene mdani amagona.

Kugalauza munda mukangokolola kumatulutsira padzuwa ndi kwa mbalame tizikumbu togona m'dothi. Kasinthasintha wa mbewu amathandizanso: pamene padali nyemba kapena khobwe chaka chino, chaka chamawa pakhale mbewu imene timphutsi take sitidya. Izi zimapindula kwambiri alimi oyandikana minda akachitira limodzi, popeza kachikumbu kali ndi mapiko ndipo sikadziwa malire.

M'madera ena alimi amachedwetsako kubzala nyemba kuti tizikumbu totuluka ndi mvula yoyamba tisapeze chakudya. Njirayi ndi yofunika kukambirana ndi alangizi, chifukwa kuchedwa kwambiri nako kuli ndi mavuto ake mvula ikadula msanga. Pamunda waung'ono, kugwedezera tizikumbu m'beseni la madzi a sopo m'mamawa kumachepetsa chiwerengero.

Ena amapopera madzi a nimu kapena a ombwe. Koma ngakhale ombwe ali ndi nkhani yofanana ndi ya kachikumbu kathu: kafukufuku amene adatuluka mu 2012 adapeza kuti m'Malawi muno muli ombwe wamitundu iwiri yooneka mofanana, wina wokhala ndi mphamvu yopha tizilombo, wina wopanda. Kumbukiraninso kuti ombwe amapha nsomba, choncho asafike kumtsinje kapena kudamu.

Mankhwala a m'sitolo akhale omaliza. Gulani okhawo ali m'botolo kapena m'paketi yake yeniyeni, yokhala ndi malangizo, ndi ovomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board. Werengani ngati ndi a tizilombo kapena a matenda, komanso masiku oyenera kudikira musanatchole masamba. Khwanya amene mwapopera lero ndi yemweyo ana angadye mawa.

Azakhali adapulumutsako gawo la munda wawo, ngakhale mizere ingapo adachita kubzalanso. Paketi ya mankhwala a chiwawu ija adaisungira tomato wa kudimba. Sabata yatha adatumizanso zithunzi pagulu lija, ulendo uno zinayi, za kachilombo kamene adakapeza pankhwani, kali papepala loyera ndi kamtengo ka machesi pambali. Palibe amene adathamangira kutchula dzina. Tidagwirizana kuti kabotolo kapite kwa alangizi Lachiwiri, tsiku la msika. Paja safunsa adadya phula.